KANDULO PAKHOMO PANGA KU DENMARK

Amayi anzanga, chibwerereni kuchokera ku Denmark mu Disembala 2023, palibe msonkhano wa amayi umene ndapitako wopanda wina wondikokera pambali ndi kundifunsa kuti, "Tatiuzani, kodi anthu ake ndi otani?" Ena amafunsa mwa chidwi chabe. Koma ambiri amafunsa chifukwa ali ndi mwana, mlongo kapena mdzukulu amene ali pa sukulu kunja, ndipo akaimba foni mawu ake amamveka olefuka. Motero ndaganiza zokuyankhani nonse pamodzi pa tsamba lathu lino. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 8, choncho musayembekezere nzeru za m'mabuku. Ndikulemba ngati mayi mnzanu amene anakakhala miyezi inayi kwa eni, nalakwitsa zambiri, nalirako, kenaka nazindikira kanthu kena kamene ndifuna kuti inunso mukadziwe.

Sukulu yopanda mayeso

Mwina mukudabwa kuti mayi wa sitandade 8, wa zaka 44, anakatani ku sukulu ya ku Ulaya. Ku Denmark kuli sukulu za akuluakulu zimene eni ake amazitcha højskole. Maganizo oziyambitsa anachokera kwa mbusa wina wotchuka, N.F.S. Grundtvig, amene anabadwa mu 1783 namwalira mu 1872. Iye anaona kuti mlimi wamba ayenera kuphunzira za dziko lake ndi za moyo wake mwa kumvetsera ndi kukambirana, popanda kumuopseza ndi mayeso. Sukulu yoyamba yotere inatsegulidwa ku Rødding mu 1844, ndipo lero ziripo pafupifupi 70. Kulibe mayeso olowera, kulibe otulukira, kulibenso woyamba kapena wotsiriza m'kalasi. Ophunzira amagona pa sukulu pomwepo, amadya pamodzi ndi aphunzitsi awo, ndipo m'mawa uliwonse amasonkhana m'holo ndi kuimba nyimbo za m'buku lawo.

Bungwe lina limene limathandiza magulu athu a banki m'khonde ndi limene linandisankha ndi kundilipirira zonse, kuti ndikaphunzire za kayendetsedwe ka magulu. Maphunziro a ife alendo anali m'Chingerezi, ndipo changa chothyokathyokacho chinakwanira. Bambo a kunyumba anavomera. Akulu anga, amene anandilera mayi athu atamwalira, anandiuza kuti, "Pita mng'ono wanga, ana ndikuonera ine." Ndi mawu amenewa ndinakwera ndege ku Lilongwe mu Ogasiti 2023, kudzera ku Addis Ababa, mpaka ku Copenhagen, likulu la dzikolo.

Dziko lopanda phiri

Denmark ndi dziko laling'ono. Malawi wathu amaliposa kukula pafupifupi katatu, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 6 miliyoni. Mbali ina ndi zilumba, mbali ina ndi chigawo chotchedwa Jylland chimene chinalumikizana ndi Germany. Sukulu yathu inali m'mudzi wina wa ku Jylland, motero kuchoka ku Copenhagen ndinakwera sitima ya pamtunda. Sitimayo inadutsa chilumba cha Sjælland, kenaka inalowa pansi pa nyanja mtunda wa makilomita 8, inatulukira pa mlatho wautali, inadutsa chilumba cha Fyn ndi mzinda wa Odense, ndipo inawolokanso mlatho wina kulowa m'Jylland. Pamene mnzanga wa pa mpando anandiuza kuti tiri pansi pa madzi, ndinatseka maso ndi kupemphera chamumtima.

Njira yonseyo maso anga ankafunafuna phiri, koma osalipeza. Malo okwera kwambiri m'dziko lonselo ndi mamita 171 okha, pamene nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002. Ndinaona minda yosalala, ng'ombe zonenepa, matchalitchi oyera a m'midzi, ndi makina ataliatali opukusidwa ndi mphepo amene amapanga magetsi. Ndinaonanso minda ya chimanga, mtima wanga nukhala pansi poganiza kuti nsima siisowa. Pambuyo pake ndinamva kuti chimanga chimenecho amachidula chonse chiri chachiwisi, mapesi ndi zitsononkho zomwe, kuti chikhale chakudya cha ng'ombe.

M'sitima momwemo ndinalakwa koyamba. Ndinaimba foni kunyumba kuwauza kuti ndafika bwino, ndipo inu mukudziwa m'mene timalankhulira tikakondwa. Bambo wina anandiyang'ana, naloza chikwangwani pakhoma osanena kanthu. Ndinali nditakhala m'chipinda chimene anachipatula kuti anthu aziyendamo mwakachetechete. Manyazi anandigwira, ndipo ndinadziuza kuti anthu ano ndi ouma mtima.

Aphunzitsi aakulu otsuka mbale

Nditafika pa sukulu, bambo wina wovala juzi yakale ndi nsapato zamatope anandilandira chikwama nachinyamula mpaka kuchipinda changa. Ine ndinayesa kuti ndi wogwira ntchito za panja. Madzulo ake bambo yemweyo anaimirira m'holo kutilandira tonse, pakuti anali mphunzitsi wamkulu. Nditapita kukamupatsa moni ndinapinda mawondo, ndi kugwira dzanja lake ndi manja awiri monga tichitira kuno. Iye anadabwa, nandifunsa ngati mwendo ukundipweteka.

Ophunzira anzanga ambiri anali a zaka za m'ma 20, misinkhu ya ana anga. Iwo ankamuitana mphunzitsi wamkuluyo ndi dzina lake loyamba, ngati mnzawo wosewera naye. Inenso ankangonditchula dzina langa lenileni, limene kuno ngakhale bambo a kunyumba salitchula. M'chilankhulo chawo muli mawu awiri onga "iwe" ndi "inu" athu: du ndi De. Koma chiyambire zaka za m'ma 1970, De anatsala pang'ono kutheratu, kotero kuti lero amamveka makamaka polankhula ndi a banja lachifumu kapena okalamba ena. Mwana amati du kwa agogo ake, wodwala amati du kwa dokotala. Tangoganizani mtsikana wa zaka 20 akukuuzani kuti, "Iwe, lero ndi tsiku lako lokolopa."

Sabata zoyamba ndinkaona ngati mwano. Koma tsiku lina titatha kudya ndinapeza mphunzitsi wamkulu uja atakwinya malaya m'mikono akutsuka miphika, chifukwa linali tsiku la gulu lake. Ndinathamanga kuti ndimulande, iye anakana mwaulemu. Apo ndi pamene ndinayamba kuona kuti ulemu wawo anauika pena. Ife timauonetsa m'mawondo ndi m'mawu. Iwo amauonetsa posadzikweza pamwamba pa wina, ndipo amanyansidwa ndi munthu wodzitama ndi udindo kapena chuma.

Wotchi ndi mbale

Mu Seputembala banja lina la m'mudzimo linandiitana ku chakudya chamadzulo. Anandiuza kutatsala sabata zitatu, natulutsa kalendala, nalemba kuti Lachisanu, 6 koloko. Ndinaseka chamumtima kuti kodi kucheza kumafunanso kulembetsa ngati sikelo ya ana. Tsikulo ndinafika nthawi itapitirira ndi mphindi 40, poganiza kuti mlendo wofika msanga amaoneka wadyera. Ndinapeza onse atakhala pa tebulo, mbatata ya kachewere itazizira. Mayi wa pakhomopo anandiuza mosazungulira kuti, "Tinakudikira, ndipo tinayamba kuda nkhawa." Sananene mwaukali, koma sanabisenso. Kwa iwo kuchedwa ndi kuba nthawi ya mnzako. Kufika kwa munthu osapangana nayenso kumawavuta, ngakhale pa chibale.

Pakhomo amavula nsapato, ndipo mlendo amabwera ndi maluwa kapena chokoleti. Ine ndinalibe kanthu m'manja. Pa tebulo anandifunsa ngati ndifuna kuonjezera nyama. Monga mwana woleredwa bwino ndinati ndakhuta, ndikuyembekeza kuti andikakamiza kawiri kapena katatu. Mbale inangodutsa, osabweranso. Usiku umenewo ndinagona ndi njala, koma ndinaphunzira kuti kumeneko "ayi" ndi ayi ndithu, ndipo "inde" ndi inde. Amakhulupirira mawu ako m'mene wawanenera. Sungani mfundo imeneyi amayi, pakuti tiipezanso kutsogoloku.

Chakudya chawo chinanditengera nthawi. M'nyumba zambiri chakudya chotentha ndi chamadzulo chokha. Masana amadya buledi wakuda, wolemera, wowawasa pang'ono, wotchedwa rugbrød. Pamwamba pake amaikapo dzira, tchizi, chiwindi cha nkhumba chopera, kapena nsomba yoviikidwa mu viniga ndi shuga. Tsiku loyamba ndinameza ndi madzi. Pofika mwezi wachitatu ndinali kudzidulira ndekha magawo awiri. Madzi a pa mpopi amamwa popanda kuwiritsa, chifukwa amachokera pansi pa nthaka ndipo amawasamala kwambiri.

Chimene chinandikondweretsa ndi kuthokoza kwawo. Munthu sachoka pa tebulo osanena kuti tak for mad, ndiko kuti zikomo chifukwa cha chakudya, ndipo mwana amaphunzira mawuwa akangoyamba kulankhula. Mukakumananso ndi munthu amene munacheza naye, ngakhale patapita mwezi, mumayamba ndi tak for sidst, kuthokoza chifukwa cha tsiku lija. Pamenepa ndinamva ngati ndiri kwathu, pakuti ifenso timati "zikomo za dzulo".

Mazira a pamsewu

Sukulu inandibwereka njinga ya kapalasa, pakuti kumeneko njinga amakwera aliyense: agogo, amayi apakati, ndi mabwana ovala mataye. M'matauni njinga ziri ndi njira yakeyake m'mbali mwa msewu, ndipo woyenda pansi akaimamo amalizidwa belu. Pokhota umatambasula dzanja, poima umalikweza m'mwamba, ndipo kukada uyenera kuyatsa nyale kutsogolo ndi kumbuyo.

Ndikupalasa tsiku lina ndinapeza katebulo pamphepete pa msewu, pali mazira, mbatata ndi uchi, mitengo italembedwa, kabokosi ka ndalama kali pambali, koma wogulitsa palibe. Ndinaima nthawi yaitali kuyembekeza mwini wake. Anzanga anandiuza kuti umangotenga, n'kuponya ndalama m'kabokosi kapena kulipira pa foni, n'kumapita. Tsiku lina mu Okutobala, kunja kukuzizira, ndinaona makanda atagona m'tingolo tawo panja pa nyumba yomwera khofi, amayi awo ali m'kati. Ndinatsala pang'ono kukuwa. Anandifotokozera kuti amawafunditsa bwino, ndipo amakhulupirira kuti mwana amagona tulo tabwino pa mpweya wa panja.

Kukhulupirirana kotere sikunagwe kuchokera kumwamba. M'kalasi tinaphunzira kuti mu 1882 alimi a ku Hjedding, ku Jylland komweko, anasonkhanitsa mkaka wawo nayambitsa kopaletivi yoyamba yopanga batala m'dzikomo. Lamulo la makopaletivi amenewa linali lakuti membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi ng'ombe ziwiri kaya makumi asanu. Pomva zimenezi ndinakumbukira bokosi lathu la banki m'khonde ndi maloko ake atatu, ndipo ndinaona kuti ifenso tiri pa njira yomweyo. Msonkho wawo ndi wokwera, pakuti pa katundu wa m'sitolo boma limaonjezapo 25 pa 100 iliyonse, koma kuchipatala cha boma salipira, ndipo ana awo amaphunzira mpaka ku yunivesite osalipira fizi.

Mdima

Pamene ndinafika mu Ogasiti, dzuwa linkalowa cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo ndinkavutika kugona kunja kukuwala. Nthawi yawo inali yofanana ndi yathu. Lamulungu lotsiriza la Okutobala anabweza mawotchi onse m'mbuyo ndi ola limodzi, monga amachitira chaka chiri chonse, ndipo kuyambira pamenepo mdima unayamba kutipanikiza. Mu Disembala dzuwa limatuluka itadutsa hafu pasiti 8 m'mawa, n'kulowa 4 koloko isanakwane. Masiku ambiri silioneka n'komwe, kumangokhala mitambo, mphepo ndi mvula yowaza.

Amayi, mdima umenewu musaupeputse. Umalowa m'thupi ndi m'maganizo. Munthu umangofuna kugona, chakudya sichikoma, ndipo kanthu kakang'ono kamakuliritsa. A zaumoyo a dzikolo amalangiza anthu a khungu lakuda kumwa mapiritsi a vitamini D, chifukwa dzuwa la kumeneko silikwanira kuti thupi lathu lidzipangire lokha. Eni dziko amalimbana ndi mdimawu ndi makandulo. Amawayatsa pa mawindo, pa tebulo, ngakhale m'kalasi m'mawa, n'kukhala pamodzi anthu ochepa odziwana, ndi khofi ndi keke. Kukhala kotereku amakutcha hygge, ndipo amakukonda monga ife tikondera kuotha moto madzulo m'nyengo ya Juni. Koma bwalo la hygge ndi laling'ono, ndipo mlendo salowamo msanga.

Uthenga wa m'bandakucha

Sabata yachiwiri ya Novembala, foni inalira kusanache. Anali bambo a kunyumba. Akulu anga aja, amene anati ana ndikuonera ine, anadwala masiku awiri okha ndipo anatisiya. Mwambo wa maliro unali mawa lake. Ngakhale ndikanakhala ndi ndalama ya ndege, sindikanawapeza asanaikidwe.

Kutacha ndinauza mphunzitsi wa gulu lathu. Anandigwira dzanja, nanena mawu ochepa opepesa, nandiuza kuti ndisadandaule za kalasi. Ndinabwerera kuchipinda ndi kuchita zimene mayi aliyense wa kuno akanachita. Ndinavula nsapato, ndinamanga mpango kumutu, ndinayala chitenje pansi, ndinatsegula chitseko chonse, ndi kukhala pansi kuyembekeza anthu. Inu mukudziwa kuti kwathu uthenga wa maliro ukangomveka, amayi amasiya mphika pamoto, ndipo ola lisanathe nyumba ya siwa yadzaza.

Ndinakhala m'mawa wonse. Anzanga ankadutsa pakhonde monyang'ama, maso ali pansi. Chakumasana mtsikana wina amene ndinkamukonda ngati mwana wanga anaima pakhomo, anandiyang'ana misozi iri m'maso, kenaka anakoka chitseko pang'onopang'ono nachitseka. Amayi anzanga, pa moyo wanga wonse sindinamvepo kusungulumwa konga kwa nthawi imeneyo. Ndinalira akulu anga, ndinadziliranso ndekha. Madzulo nditatsegula ndinapeza pansi pakhomo thireyi ya chakudya, maluwa, kalata yosainidwa ndi onse, ndi kandulo yoyaka m'kagalasi. Mtima wanga unawawa koposa. Ndinati anthu awa andiikira chakudya pakhomo ngati wodwala nthenda yopatsirana. Sindinadye. Usiku umenewo ndinalongedza chikwama, ndi maganizo akuti kukacha ndipemphe kubwerera kwathu.

Funso limodzi

M'mawa mwake munthu anagogoda. Anali mayi wa kukhitchini, wa zaka za m'ma 60, wosalankhulalankhula. Anaona thireyi yosakhudzidwa, naona chikwama, nandifunsa funso limodzi lolunjika monga mwa chikhalidwe chawo: "Kodi ufuna kukhala wekha, kapena ufuna anthu?"

Pamenepo zonse zinatuluka. Ndinamuuza kuti kwathu namfedwa sasiyidwa yekha ngakhale mphindi imodzi. Ndinamuuza za amayi ogona m'siwa, za abambo ochezera pa moto panja, za nyimbo za usiku wonse, za ufa ndi nkhuni zimene mudzi umasonkha, za adzukulu okumba manda. Ndinamuuza kuti kutsekera chitseko munthu wofedwa ndi chinthu chimene ngakhale mdani wako sangachite.

Mayiyo anakhala pansi pa chitenje changa, nagwira pakamwa. Anandiuza kuti dzulo lake sukulu yonse inakumana kukambirana za ine, ndipo anagwirizana kuti andipatse mtendere, pakuti kwa iwo chisoni ndi chinthu cha munthu mwini, ndipo kulowerera osaitanidwa ndi kumulemetsa. Mtsikana uja anatseka chitseko kuti odutsa asandione ndikulira, ndipo iye mwini anakalira kuchipinda kwake. Kandulo ija inali mawu awo akuti tiri nawe. Onse ankayembekeza kuti ndikafuna anthu ndinena, monga momwe ankayembekezera pa mbale ya nyama ija. Ine ndinkadikira iwo, iwo ankadikira ine, ndipo pakati pathu panali chitseko chokha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tsiku limenelo tonse tinali titadya phula, ine ndi iwo omwe.

Anandifotokozeranso za maliro a kwawo. Amaika patapita pafupifupi sabata, mwambo wa m'tchalitchi ndi waufupi, ambiri mwa omwalira amatenthedwa, ndipo pambuyo pake achibale ndi abwenzi amamwa khofi pamodzi n'kubalalika. Kenaka anatsitsa mawu nandiuza kuti mwamuna wake atamwalira, anthu anamupatsa mtendere wochuluka kotero kuti nyumba inangoti zii miyezi yathunthu, ndipo ankalakalaka wina atangolowa osagogoda.

Masana a tsikulo, pa ola limene akulu anga ankaikidwa, ndinatsatira mwambo pa foni mayi uja atandigwira phewa. Madzulo anandiitana ku holo. Ndinapeza mipando atayikankhira kukhoma, mabulangete atayalidwa pansi, makandulo akuyaka, ndipo ophunzira ndi aphunzitsi atakhala pansi opanda nsapato. Mphunzitsi wamkulu analinso pomwepo, miyendo itamuuma chifukwa sanazolowere kukhala pansi. Anandipempha kuti ndiwauze za akulu anga, ndipo ndinawauza. Ndinaimba nyimbo zathu za pa maliro, iwo akung'ung'udza pambuyo panga. Kenaka anaimba zawo za m'buku lija, zofatsa, zimene sindinamve mawu ake koma ndinamva chimene zinkanena. Ena anagona pomwepo mpaka kucha. Mtsikana wotseka chitseko uja anagona mutu wake uli pa miyendo yanga.

Loweruka lotsatira anapita nane ku Aarhus, mzinda wachiwiri pa kukula m'dzikomo, kumene tinapeza ufa woyera m'sitolo ya zakudya za ku Africa ndi ku Asia. Ndinaphika nsima, nyemba ndi kabichi wotendera, ndipo sukulu yonse inadya ndi manja. Atatha, mmodzimmodzi anabwera kudzanena kuti tak for mad. Chikwama chija ndinachimasula, ndipo ndinakhala mpaka maphunziro anatha.

Kwa inu amene ana anu ali kunja

Sindikunena kuti anthu a ku Denmark ndi angelo. Alipo ena amene amakuyang'ana khungu asanakumve mawu, monga aliponso ouma mtima kwathu kuno. Ubwenzi wawo umachedwa kupsa ngati nyemba zouma, ndipo ophunzira ambiri achilendo, makamaka a m'mayunivesite a m'mizinda amene amakhala okha m'tizipinda, amavutika kupeza mnzawo wa m'dzikomo. Ine ndinali ndi mwayi wogona ndi kudya nawo pamodzi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene wadekha amapeza kuti munthu wa kumeneko akakulonjeza kanthu amachita.

Tsono mwana wanu akamanyamuka, pamodzi ndi ufa ndi usipa umene mumamumangira, mumangireninso malangizo awa. Asunge nthawi, ngakhale pa kucheza. Akafuna kanthu anene poyera, pakuti manyazi athu aulemu kumeneko sawamva. Anthu akakhala chete asafulumire kunena kuti amuda. Asadzitsekere m'chipinda nyengo ya mdima, koma alowe kwaya, timu ya mpira kapena gulu lina lirilonse, chifukwa anthu a ku Denmark amapanga ubwenzi m'magulu otere koposa pamsewu. Aphunzire mawu ochepa a chilankhulo chawo, ngakhale ambiri amalankhula Chingerezi chabwino. Ndipo asachite manyazi kuwauza za mwambo wa kwawo, pakuti sangauchite asanaumve.

Inunso amayi, mwana akaimba foni mu Novembala kapena mu Disembala nanena kuti watopa, musamukalipire kuti akudandaula chiyani ali ku Ulaya. Mufunseni ngati wadya, ngati waona dzuwa sabata imeneyo, ngati ali ndi munthu wolankhula naye. Mavuto a kumudzi amene sangathe kuchitapo kanthu muwasankhe pomuuza, koma za maliro musamubisire, ndipo mumulimbikitse kuti auze anzake chimene afuna kuti amuchitire.

Ine ndinabwerako ndi zinthu ziwiri. Misonkhano ya gulu lathu tsopano imayamba 2 koloko yeniyeni, ndipo amayi anadandaula mwezi umodzi wokha. Chachiwiri ndi funso la mayi wa kukhitchini uja. Mwambo wathu wa maliro ndi chuma chimene sitiyenera kutaya, koma ndazindikira kuti ifenso anthu akabalalika pambuyo pa kumeta timamuiwala namfedwa, ndipo nthawi zina timamuunjirira pamene iye afuna kupuma. Masiku ano ndikapita kwa mnzanga wofedwa patapita sabata ziwiri kapena zitatu, ndimakhala naye pansi ndi kumufunsa chimene akufuna.

Kagalasi ka kandulo kaja ndinabwera nako. Kali pa kabati m'chipinda chochezera, ndipo chaka chiri chonse sabata yachiwiri ya Novembala timakayatsa ndi ana, pokumbukira mayi awo aakulu.